Amalume, kodi ntchito younika ngongole ili ndi tsogolo?

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba kwathu ku Area 25 atanyamula envulopu yakhaki. M'katimo munali CV yake, pepala la digiri ya zachuma yomwe anamaliza chaka chatha, ndi kalata yofunsira ntchito imene ankafuna kuti ndiione asanakaipereke. Banki ina inali italengeza kuti ikufuna credit analyst, ndiye kuti wounika ngongole. Mmodzi yekha. Tinakhala pakhonde, mayi a kunyumba atatiikira tiyi ndi mbatata yophika, ndipo envulopu ija asanaitsegule n'komwe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, inu mwakhalitsa ku zangongole. Mundiuze zoona. Ntchito imeneyi ili ndi tsogolo kapena ndikungotaya nthawi yanga?"

Ndinamuyankha mwachidule chifukwa kunabwera alendo ena, koma funso lakelo landikhala mumtima sabata yonse. Ndagwira ntchito ya zangongole zaka zoposa 10 muno mu Lilongwe, poyamba ku bungwe lobwereketsa ndalama zing'onozing'ono, kenako ku banki. Si iye yekha amene akufunsa zimenezi. Alipo anyamata ndi atsikana ambirimbiri ochokera ku MUBAS, ku Zomba, ku Bunda, ku Malawi College of Accountancy, amene tsiku ndi tsiku amayenda ndi maenvulopu ngati akewo kuchokera ku Old Town mpaka ku City Centre, nsapato zitayera ndi fumbi. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndikanamuuza tikanakhala awiriwiri mpaka dzuwa kulowa.

Ngakhale achibale anga sadziwa kwenikweni chomwe ndimachita. Agogo ake a mtsikanayu amangoti ndimagwira ku banki, ndipo m'maganizo mwawo ndimakhala pawindo n'kumawerenga makwacha. Ine ndalama sindizigwira m'manja. Munthu akafuna ngongole amakumana kaye ndi loan officer kapena relationship manager, amene ntchito yake ndi kubweretsa makasitomala. Failo ikachoka kwa ameneyo imafika pa desiki panga, ndipo ine ndimafunsa kuti ndalamazi zibwerera kodi? Zidzachokera kuti, liti, nanga zinthu zikadzavuta tidzagwira chiyani? Ndimawerenga masitetimenti a ku banki, mabuku a bizinesi, lipoti la ku credit reference bureau (bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu) ndi mapepala a chikole, kenako ndimalemba ganizo langa kupita ku komiti ya ngongole, yomwe imavomera kapena kukana. Ndalama zomwe timabwereketsazo eni ake alipo. Ndi za mphunzitsi wa ku Kawale amene malipiro ake amadzera pa akaunti, za gogo wopuma ntchito, za mpingo umene ukusonkha pang'onopang'ono kuti ufolere tchalitchi. Wounika ngongole amaima pakati pa anthu amenewa ndi munthu amene akupempha.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mayi wina wa geni ya mbewu. Nthawi imeneyo ndinali ndisanathe chaka pa ntchito. Mayiwa ankapikula mtedza ndi soya ku Mitundu ndi ku Nsundwe n'kumasunga m'kanyumba kena cha ku Mgona, kudikira kuti mitengo ikwere. Anapempha ngongole yoonjezera mpamba. Sitetimenti yawo ya ku banki inali yomvetsa chisoni: miyezi itatu osalowa kanthu, kenako ndalama zambiri tsiku limodzi, m'mawa mwake zonse zatuluka. Potengera zomwe ndinaphunzira kusukulu, failo imeneyo inali yokana basi. Koma bwana wanga wa nthawi imeneyo, bambo wofatsa amene pano anapuma ntchito, anangoti, "Usanalembe chilichonse, kwera minibasi ukaone ndi maso ako."

Ndinawapeza atakhala pa benchi, sikelo ili pambali, anyamata awiri akusoka matumba. Nditafunsa za mabuku a bizinesi anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa makope atatu a ana asukulu, omangidwa ndi mphira. "Mabuku anga ndi amenewa, achimwene. Werengani." Munali zonse. Tsiku, msika umene anagulako, makilogalamu, mtengo, ya thiransipoti, ya onyamula, ya chiphaso cha msika, ngakhale ya ulusi wosokera matumba. Kumapeto kwa kope lililonse kunali tsamba la anthu amene anawakongoza, ndipo amene anabweza anali atawadula ndi mzere. Ndinakhala pa thumba la mtedza maola atatu ndikukopera manambala. Nditatero ndinawerenga matumba onse amene anali m'nyumbamo limodzilimodzi, ndipo anagwirizana ndi za m'kope kupatula awiri, amene anati anatumiza ku maliro kumudzi.

Nditabwerera ku ofesi ndi pamene ndinaona zomwe sitetimenti ija inabisa. Bizinesiyo inali yamoyo ndithu, kungoti inkayenda ndi nyengo. Ndalama zinkatuluka mu Epulo, Meyi ndi Juni alimi akamakolola, ndipo zinkabwerera chakumapeto kwa chaka mitengo ikakwera. Kuwapatsa ngongole yobweza mofanana mwezi ndi mwezi kukanakhala kuwatchera msampha, chifukwa akanagulitsa mtedza wawo msanga pa mtengo wolira pofuna kuti asaphonye tsiku lobweza. Ndinalemba kuti miyezi yoyambirira azingolipira chiwongoladzanja, gawo lalikululo adzabweze akayamba kugulitsa. Mu komiti munali mkangano, poti nyumba yawo inalibe title deed, pepala la umwini wa malo, monga zilili nyumba zambiri za ku Chinsapo, ku Mtandire kapena ku Kauma. Pamapeto pake anavomera theka la zomwe mayiwa anapempha. Anabweza zonse nthawi isanakwane.

Ndachedwa dala pa nkhani imeneyi chifukwa yankho la funso la mwana wa mlongo wanga lagona pa makope atatu aja. Koma ndisanafike kumeneko, ndinene kaye zowawa.

Mabanki m'dziko muno alipo 8: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, First Capital, CDH, Ecobank ndi Centenary. Pamene ndinkayamba ntchito analipo oposa 10. Mu 2015 National Bank inagula Indebank, ndipo chaka chomwecho Malawi Savings Bank inagulitsidwa kwa FDH. Mu 2017 Opportunity Bank inalowa mu First Merchant Bank, yomwe pano ndi First Capital. Nedbank inagulidwa ndi MyBucks, imene kenako inasanduka Centenary. Mabanki awiri akaphatikizana, nthambi zambiri zimatsala, koma madipatimenti awiri a ngongole amasanduka imodzi. Onjezeranipo kuti mabanki ambiri likulu lawo lili ku Blantyre, ndipo mafailo akuluakulu amakaunikidwa kulikulu. Kuno ku Lilongwe tili ndi Reserve Bank ndi maofesi a boma, koma mipando ya ounika ngongole m'mabanki ndi yowerengeka. Amene anaikhala sachokapo msanga. Mpando ukapezeka, nthawi zambiri amatenga munthu wam'kati momwemo, amene anayambira pawindo, n'kupita ku loan officer, ndipo amawadziwa kale makasitomala ndi kachitidwe ka bankiyo. Chilengezo chimatuluka ndithu mu nyuzipepala, makalata n'kudzaza katoni, koma wochokera kumene kukoleji amayamba mpikisanowo ali kale kumbuyo.

Komabe vuto lenileni silili pa chiwerengero cha mabanki. Lili pa amene mabankiwo akuwabwereketsa.

Mu 2021 policy rate ya Reserve Bank, chiwongoladzanja chimene imaika kuti chitsogolere mabanki onse, inali pa 12 peresenti. Pofika mu Febuluwale 2024 inali pa 26 peresenti. Chiwongoladzanja chimene kasitomala amalipira chimakhala pamwamba pa reference rate, mlingo umene mabanki amayambira powerengera chiwongoladzanja, ndipo kwa mabizinesi ang'onoang'ono chinafika pa 30 peresenti kapena kuposa. Tiyerekeze kalipentala wa ku Mchesi akufuna K10 miliyoni yogulira makina ndi matabwa. Pa chaka ayenera kupeza K3 miliyoni ya chiwongoladzanja chokha, asanabweze n'komwe tambala ya ngongoleyo, asanalipire anyamata ake, lendi ndi magetsi. Ndi mabizinesi angati oongoka amene angapirire zimenezo? Anthu ochenjera amangoleka osapempha. Amene amabwerabe nthawi zina amakhala amene zawathina kale, ndipo amenewo ndi amene wounika ngongole amawakana.

Mbali inayi kuli kasitomala wina wamkulu amene satopa kubwereka, ndiye boma. Bajeti ikaperewera, boma limagulitsa ma treasury bill ndi ma treasury note, mapepala amene limabwerekera ndalama, ndipo mabanki amagula pa chiwongoladzanja chokoma. Kubwereketsa boma sikufuna munthu wokwera minibasi kukawerenga matumba. Palibe amene amapita ku Capital Hill kukafunsa title deed. Anthu ochepa a ku dipatimenti ya treasury amamaliza zonse ali pa kompyuta. N'chifukwa chake mumamva kuti mabanki apeza phindu la mabiliyoni ochuluka chaka ndi chaka, koma simumva kuti akulemba ounika ngongole ambiri. Sindikuwada eni mabanki pa zimenezi, chifukwa ndalama za anthu ayenera kuziika pomwe zili zotetezeka. Koma zimandipweteka mtima. Ndalama iliyonse yopita ku treasury bill ndi ndalama imene sinafike kwa mlimi wa ulimi wamthirira ku Salima kapena kwa mayi wofuna kugula makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Ndipo ndi ntchito imene sinapezeke kwa mtsikana wa envulopu yakhaki uja.

Ngongole zina zomwe zachuluka ndi za pamalipiro. Wogwira ntchito m'boma kapena pa kampani yodziwika amabweretsa payslip, ndalama zimadulidwa zisanafike m'manja mwake, ndipo kompyuta imawerengera yokha kuti angatenge zingati. Za pafoni ndiye kulibe n'komwe failo. Munthu amatchova pa Airtel Money ali pa depoti, makina amayang'ana mmene wakhala akugwiritsira ntchito nambala yake, ndalama n'kulowa minibasi isanadzaze. Achinyamata amandifunsa ngati makompyuta atilanda ntchito. Ntchito yoonkhetsa manambala ndi kudzaza mafomu yatengedwa kale, ndipo sibwerera. Imene yatsala ndi yovutayo.

Ndinene za failo imene mpaka lero imandisowetsa tulo. Mu 2023 ndinaunika pempho la bambo wina wogulitsa zipangizo zamagalimoto ku Biwi. Anali kasitomala wabwino, wa mabuku oyera, amene anali atabwezapo ngongole ziwiri popanda kukumbutsidwa. Ankafuna kuitanitsa katundu ku Dubai. Ndinachita zonse zofunika. Ndinayesa n'kuona ngati bizinesiyo ingapirire kwacha itagwa ndi 25 peresenti, monga inachitira mu Meyi 2022, ndipo manambala anaonetsa kuti ingapirire. Komiti inavomera, ndalama zinalowa mu akaunti yawo, iwo n'kukapereka mapepala opempha madola. Madolawo sanapezeke. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu, ali pamzere wa ndalama zakunja, uku chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama zongokhala. Ndiye pa 9 Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndalama zomwe zinali zokwanira katundu yense tsopano zinangokwana magawo awiri mwa atatu.

Anabwera ku ofesi ndi akazi awo. Sanakalipe. Anaika chipewa pa bondo n'kunena kuti, "Bambo, ine sindinadye ndalama yanu. Onani, ili momwemo. Koma sikugulanso zomwe tinagwirizana." Chikole chawo chinali nyumba yomwe ankakhalamo ndi ana. Ndinabwerera pa pepala langa usiku umenewo n'kuona pomwe ndinaphonya. Ndinafunsa za mtengo wa dola, koma sindinafunse kuti dolayo idzapezeka liti. Funso limodzi lokha. Tinakonzanso ngongoleyo, kuitalikitsa ndi kuchepetsa zobweza pamwezi, ndipo nyumba sinagulitsidwe, koma bizinesi yawo inabwerera m'mbuyo zaka zingapo. Kuchokera pamenepo, failo iliyonse ya munthu woitanitsa katundu kunja ndimayamba ndi funso limenelo.

Palibe kompyuta imene ikanafunsa funso limenelo m'malo mwanga, chifukwa yankho lake silinali m'mabuku a kasitomala. Linali m'mizere ya mafuta pa mafilling station, m'madandaulo a amalonda anzawo, m'zokamba za anthu amene amasintha ndalama mumsewu. Dziko limene kwacha imagwa kawiri m'miyezi 18, limene Cyclone Freddy anasesa minda ndi milatho kummwera mu Malichi 2023, chaka chotsatira chilala cha El Niño n'kuchititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, limene mitengo ya zinthu inakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa mu 2024, ndi dziko limene kubwereketsa ndalama kumafuna munthu woganiza. Apa ndi pamene ndimaona tsogolo la ntchitoyi.

Malamulo nawonso akukankhira komweko. Mabanki athu anayamba kutsatira Basel II, malamulo a padziko lonse okhudza mpamba umene banki iyenera kukhala nawo, mu 2014, ndipo kuyambira Januwale 2018 pali IFRS 9, lamulo la kalembedwe ka mabuku a ndalama. Kale banki inkadikira kuti ngongole ionongeke kaye ndi pamene iziika ndalama pambali. Pano imayenera kuyerekeza zomwe ingataye kuyambira tsiku lomwe yapereka ngongoleyo, n'kumasintha chiyerekezocho zinthu zikamasintha. Kasitomala akachedwa masiku 30, failo yake imasunthira pa gulu lokayikitsa. Akafika masiku 90, ngongoleyo imawerengedwa kuti yaonongeka, ndipo phindu la banki limadyeka. Zonsezi zimafuna anthu odziwa kuwerengera, kufotokozera ma auditor, ndi kuyankha mafunso a oyendera mabanki ochokera ku Reserve Bank. Pali ntchito pamenepa zomwe kale kunalibe, ndipo odziwa kuzigwira bwino ndi ochepa. Zida nazonso zawonjezeka. Lamulo la ma credit reference bureau linabwera mu 2010, moti lero ndikhoza kuona ngati munthu ali ndi ngongole kwina imene sanandiuze. Chiphaso cha unzika chimene anthu analembetsa mu 2017 chinathetsa zambiri za munthu mmodzi kukhala ndi mayina atatu. Lamulo la Personal Property Security la 2013 linatsegula njira yoti makina, galimoto, ziweto kapena katundu wa mushopu zilembetsedwe ngati chikole, ngakhale kuti ambiri mwa ife tikadali ndi mtima wofuna nyumba ndi malo basi.

Tsono chimene ndinamuuza mtsikana uja ndi chakuti asamangoyang'ana mawu akuti credit analyst pamwamba pa chilengezo, ndiponso asamangoyang'ana mabanki 8 aja. Ntchito yomweyi imabisala m'mayina ena: credit officer, risk officer, portfolio analyst, credit controller, recoveries officer. Ili m'mabungwe a ngongole zing'onozing'ono monga FINCA, Vision Fund ndi CUMO. Ili m'ma SACCO, mabungwe a mamembala osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene mgwirizano wawo wa MUSCCO uli konkuno ku Lilongwe, ndipo ena akula moti sangayendetsenso ngongole pongodalira kuti mamembala amadziwana. Ili ku MAIIC (Malawi Agricultural and Industrial Investment Corporation) ndi ku Export Development Fund, komwe amaunika ntchito zikuluzikulu za ulimi ndi mafakitale. Pitani ku Kanengo: makampani a fodya amapereka feteleza, mbewu ndi zipangizo kwa alimi a pa kontirakiti n'kudzadula fodya akagulitsidwa, ndipo imeneyo ndi ngongole ngakhale saitchula choncho. Makampani ogulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono, maholoselo opereka katundu pangongole kwa eni mashopu, onsewa amafuna munthu wodziwa kusiyanitsa amene adzabweze ndi amene adzathawe.

Sindinamubisire kuti njira imeneyi ndi yolimba. Malipiro oyambira ku mabungwe ang'onoang'ono ndi otsika poyerekeza ndi a ku banki. Udzakwera njinga yamoto m'matope a Febuluwale kupita ku Kasiya kapena ku Malingunde. Udzapatsidwa chiwerengero cha ngongole zoti upereke pamwezi, ndi china cha zoti utolere, ndipo ziwirizi zimakokana. Udzaima pakhomo pa munthu amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala, iwe ukufunsa za ndalama. Ena amatopa chaka chisanathe. Koma amene wapirira zaka ziwiri kapena zitatu kumeneko amatuluka ndi chinthu chimene digiri sipereka. Amadziwa kuti shopu yodzaza makatoni ikhoza kukhala ya makatoni opanda kanthu, kuti katundu amabwerekedwa kwa mnzake wa pafupi tsiku loyendera, kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amadziwanso mbali inayo, kuti munthu wovala silipasi, wosadziwa Chingerezi, akhoza kukhala ndi bizinesi yolimba kuposa ya wa suti. Ndikakhala nawo pa intaviyu, munthu wotereyu ndimamuzindikira pa mayankho awiri oyambirira.

Ndipo anthu ofuna kubwereka alipo, osati pang'ono. Onani mabanki m'khonde mmene afalikira, m'midzi ndi m'tauni momwe, mpaka m'maofesi ndi m'mipingo. Onani akatapila mmene akulemerera ndi chiwongoladzanja chodula khosi, atasunga makadi a ATM a anthu m'madilowa mwawo. Anthu amenewa akubwereka kale, ndipo ambiri akubweza. Chimene chikusowa ndi wowamvetsa, wotha kutenga zomwe zili m'kope, m'foni ndi m'mutu mwa mwini geni n'kuzisandutsa pepala limene komiti ingalikhulupirire. Tsiku limene boma lidzachepetse kubwereka ndipo chiwongoladzanja n'kutsika, mabanki adzasowa kopita ndi ndalama zawo kupatula kwa anthu omwewa. Adzafuna ounika ngongole ambiri nthawi imodzi, ndipo adzatenga amene anaphunzira kale ntchitoyi kumunda ndi kumsika.

Pali china chimene sindingachisiye, ngakhale sichilembedwa pa chilengezo cha ntchito. Tsiku lina foni idzalira, ndipo wamkulu wina adzanena mofatsa kuti, "Failo ya achikulire aja uione bwino." Sadzanena zambiri. Iwe udzadziwa tanthauzo lake. Zinandichitikirapo pa malo ena amene ndinagwirako, ndipo ndinagona ndi mutu waching'alang'ala masiku awiri ndisanalembe zomwe manambala ankanena. Ena anapitirira nayo failoyo mwa njira zawo, koma dzina langa silinali pansi pa bodza. Dziko lino likudziwa mapeto a ngongole zoperekedwa poyang'ana nkhope. Pamene Malawi Savings Bank inkagulitsidwa, ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni zinasenzetsedwa boma, kutanthauza okhoma msonkho, inu ndi ine. Thumba la ngongole za boma lasintha mayina kangapo, MARDEF, MEDF, NEEF, koma dandaulo la kusabweza lakhala likutsatira, chifukwa anthu ena amaiona ngongole ya boma ngati mphatso ya ndale. Paliponse pamene ndalama zinalowa m'madzi chonchi, panali pepala limene wina analemba, kapena limene anaopa kulemba. Palinso kasitomala amene adzakuitanire pambali n'kukulonjeza kangachepe ngongole ikatuluka. Lilongwe ndi wamng'ono, ndipo anthu a zangongole timadziwana tonse. Ukangodya kamodzi, nkhani imafika ku Blantyre iwe usanafike kunyumba.

Za maphunziro sindinachulutse. Digiri ya accounting, ya zachuma, ya banking kapena ya agribusiness ndi poyambira pabwino. Ya ku Bunda ndimailemekeza kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa dziko lathu ndi laulimi ndipo ounika ngongole ambiri sadziwa kuti ekala imodzi ya soya imafuna chiyani. Mapepala a Institute of Bankers, kapena a mabungwe a ma accountant, ICAM ndi ACCA, amathandiza, makamaka pokwezedwa. Excel aidziwe mpaka azitha kumanga yekha cash flow, ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka, kuchokera pa tsamba lopanda kanthu. Aphunzire kulemba, chifukwa ganizo labwino lolembedwa mosokonekera limafera mu komiti. Ndipo aphunzire kufunsa mafunso mu Chichewa chaulemu. Sungafunse mayi wa msinkhu wa amayi ako kuti, "Mumapanga phindu lanji?" Sadzakuuza, mwinanso sadziwa m'njira imeneyo. Umafunsa kuti thumba analigula zingati, analigulitsa zingati, pa sabata amatha angati, fizi ya ana amalipira liti, ndipo phindulo umalipeza wekha.

Kalata yake tinaikonza ndithu, ndipo Lolemba anakaipereka. Ndinamuuza kuti apereke, chifukwa mwayi sudziwika, koma asakhale pakhomo kudikira foni. Ndinamutchulira mabungwe angapo oti akayeseko, ngakhale kuyamba ngati intern. Kenako ndinamupatsa ntchito. Amayi ake, mlongo wangayo, ali ndi kagolosale ku Area 23 komwe akhala nako zaka zambiri osalemba kalikonse koposa mayina a okongola shuga ndi sopo. Ndinati akhale m'golosalemo sabata ziwiri, alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, awerenge katundu wa m'mashelefu, kenako andilembere tsamba limodzi lonena ngati amayi akewo angapatsidwe ngongole, ya zingati, yobweza motani. Anaseka poyamba, poganiza kuti ndikucheza. Ataona nkhope yanga anatulutsa foni n'kulemba.

Lachitatu madzulo ndili pamzere wa magalimoto pa Area 18 anandiimbira.

"Amalume, pali vuto. Amayi amangotapa ndalama m'kabati kukagula ndiwo, ya makala, dzulo apereka ya chipepeso kwa aneba. Akuti si za bizinesi, ndisalembe. Ndiye madzulo ndalama sizikugwirizana ndi zomwe tagulitsa. Ndizilembe pati?"

Ndinamuuza kuti atsegule tsamba lina, alilembe kuti za pakhomo, ndipo asawakalipire amayi ake, angowapempha kuti akatapa azimuuza. Anati ayesa, koma amayi akewo ayamba kale kudandaula kuti alandira wapolisi m'shopu. Ndinamuuza kuti Loweruka ndibwera ndekha kudzaona kopelo.